Tikufuna kusonkhetsa ndalama pa intaneti zopangira kafilimu koopsa, tiyambire pati?

"Moni akulu. Ndine mtsikana wa ku Zomba, ndili ndi anzanga atatu omwe tonse timakonda mafilimu oopsa. Pali kankhani kena kakafupi komwe ndinawerenga m'buku ndili ku sekondale, ka mlonda wa pachigayo yemwe usiku uliwonse amamva chigayo chikulira chokha magetsi atazima, ndipo sikanandichoke m'mutu mpaka pano. Tikufuna tikapange filimu ya mphindi 25. Tawerengera kuti pakufunika K6 miliyoni koma ife tili ndi kamera yobwereka ndi K300,000 basi. Mnzanga akuti tiike pa Kickstarter kapena GoFundMe azungu atithandiza. Wolemba nkhaniyo sitinamufunse, tikuona ngati sangadandaule poti tikhala tikumutchukitsa. Kodi zingatheke kapena tikungolota? Nanga anthu atapereka kale koma ndalama osakwana, timatani?"

Achemwali, mtima pansi, simukulota ayi. Pa mitundu yonse ya mafilimu, oopsa ndi amene amamukomera mtima munthu wa m'thumba mopepuka, chifukwa mdima sagula, komanso woonera amaopa kwambiri chinthu chomwe simunamuonetse. Kuli mkulu wina wa ku Sweden, David F. Sandberg, yemwe mu 2013 anajambula kafilimu kosakwana mphindi 3 m'nyumba momwe amakhala, wosewera ndi mkazi wake yemwe, choopsa chake kungoyatsa ndi kuzimitsa getsi basi, kanafala pa intaneti mpaka a ku Hollywood anamuitana nkupanga filimu yaikulu yomwe inatuluka mu 2016. Sindikunena kuti nanunso akuitanani, ambiri sayitanidwa, koma muone kuti kamera yobwerekayo ndi yokwana kuyambira. Chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi kachiganizo kaja kakuti wolemba simunamufunse, ndiye tiyambire pamenepo ndalama tizikamba kenako.

Nkhani ija ili ndi mwini wake. Lamulo lathu la umwini wa zaluso, Copyright Act ya 2016, limapatsa wolemba mphamvu yolola kapena kukana kuti nkhani yake isandutsidwe filimu, sewero kapena kumasuliridwa m'chilankhulo china, ndipo mphamvuyo siifa naye limodzi, imapitirira zaka 50 iye atamwalira, m'manja mwa ana ake kapena amene anawasiyira. Zoti mukumutchukitsa ndi maganizo anu, iyeyo atha kuona kuti mwamubera, ndipo olemba athu ambiri ndi anthu oti akhala akuona mabuku awo akupangidwa fotokope m'masukulu osalandirapo kanthu, ndiye mtima wawo pa nkhani ngati izi ndi wapachala kale. Tsono taganizani, mwalengeza pa Facebook dzina la nkhani, anthu ayamba kutumiza ndalama, kenako mwana wa wolembayo waona nkulemba pansi pa positi yanu kuti bambo anga sakudziwa chilichonse. Kampeni imathera pomwepo, ndipo dzina lanu limaipa musanajambule ngakhale sekondi imodzi. Ngakhale mutazemba pamenepo, kutsogolo kuli zipata zina, mafesitivo a mafilimu amakusayinitsani kuti zonse zili mufilimuyo muli nazo chilolezo, ndipo YouTube imachotsa filimu mwini nkhani akadandaula.

Kumupeza wolemba sikovuta monga mukuganizira. Tsegulani tsamba loyambirira la bukulo muone amene analisindikiza, muwalembere, chifukwa nthawi zina mphamvu yololeza filimu ili kwa osindikiza osati kwa wolemba, zimatengera pangano lomwe anasayinirana. Zikakanika pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, kapena mufunse a bungwe la olemba la Malawi Writers Union, dziko lathu ndi laling'ono wina amudziwa basi. Mukamupeza pitani mwaulemu, nyamulani sikiriputi yanu ndi kavidiyo kalikonse komwe munapangapo, munene zoona kuti ndalama mulibe. Pa zomwe ndaona ine, olemba ambiri amasangalala kumva kuti achinyamata akuikumbukirabe nkhani yawo, chomwe amadana nacho ndi kumva kwa anthu ena. Akavomera, zilembedwe. Tsamba limodzi kapena awiri ndi okwana, lonena kuti akukulolani kupanga filimu imodzi yaifupi kuchokera pa nkhani yakutiyakuti, mukhala ndi chilolezocho kwa nthawi yaitali bwanji, muonetsa kuti (mafesitivo, intaneti, wailesi ya kanema, muholo), mumulipira zingati ngakhale zitakhala zochepa, dzina lake lilembedwa bwanji mufilimu, muli ndi ufulu wosintha zina m'nkhanimo kapena ayi, komanso zidzakhala bwanji wina akadzafuna kuti ikhale filimu yaitali. Kamfundo komalizako anthu amakaiwala, koma mikangano yambiri imabukira pomwepo. Musayine nonse, pakhale mboni. Ngati wolembayo anamwalira ndipo ana alipo angapo osagwirizana, kapena osindikiza akutumizirani pangano la masamba ambiri la Chingerezi chozungulira, pamenepo pezani loya akuwerengereni musanasayine, musachite manyazi.

Musadabwe kuti wolemba angavomere ndi ndalama yochepa. Stephen King, yemwe ndi wolemba nkhani zoopsa wotchuka dziko lonse, kwa zaka zambiri ankalola ana asukulu ndi oyamba kumene kupanga mafilimu aafupi kuchokera pa nkhani zake zina pa mtengo wa dola imodzi yokha, bola asagulitse filimuyo, ndondomekoyi inatha kumapeto a 2023. Pangano ngati limenelo mutha kumupempha wolemba wanu, kuti filimuyi ndi yosachitira malonda, ikadzayamba kubweretsa ndalama tidzakhalanso pansi.

Mwina wina akuuzani kuti ingosiyani bukulo mutenge nthano ya agogo, nthano ilibe mwini. Pang'ono pokha ndi zoona. Lamulo lomwe lija limati nthano, nyimbo ndi magule a makolo ndi chuma cha mtundu wonse ndipo boma ndi lomwe limasunga umwini wake m'malo mwa Amalawi, ndiye mukafuna kupangira malonda funsani a COSOMA kuti zimayenda bwanji. Komanso nthano yomwe munthu wina anailemba kale m'buku mwa njira yakeyake, mawu ndi kakonzedwe kakeko ndi zake.

Tsopano K6 miliyoni ija ndi mphindi 25 zija. Ndikupemphani mudule. Tsamba limodzi la sikiriputi limatuluka pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndipo gulu la anthu ochepa lojambula usiku likamaliza masamba atatu kapena anayi kukacha ndiye kuti lagwira ntchito. Mphindi 25 ndiye kuti mausiku asanu ndi awiri kapena kuposa, anthu ongodzipereka sangakupirireni choncho, usiku wachinayi wogwira maiki ayamba kudwala mutu, wachisanu foni yake siipezeka. Nkhani ya mlonda ndi chigayo ndi ya mphindi 8 kapena 10, malo amodzi, anthu awiri kapena atatu, mausiku atatu. Okonza mafesitivo nawonso amakonda zazifupi chifukwa zimalowa mosavuta pa pulogalamu, filimu ya mphindi 25 imadya malo a mafilimu atatu ndiye imayenera kuposa onse atatuwo kuti aitenge. Ndipo nkhani yanuyi mwayi wake ndi woti choopsa chili m'khutu. Taganizani mlonda wakhala pa mpando wake panja, wafunda bulangete, kawailesi kakulira pansipansi, kenako mkati lamba wa chigayo wayamba kugunda pang'onopang'ono, phaa, phaa, iye walowa ndi tochi, fumbi la ufa likuyandama m'kuwala kwa tochiyo ngati wina wangogaya kumene, makina ali zii, wagwira chitsulo chili chotentha. Pamenepo simunagule chigoba cha chilombo ngakhale chimodzi koma munthu wakweza kale miyendo pa mpando.

Ndiye ndalama zanu zipite ku mawu kaye. Kamera ya foni yabwino anthu amaikhululukira, mawu oipa sakhululuka. Bwerekani kapena chitani hayala rekoda ndi maiki yabwino, ndipo pakhale munthu mmodzi yemwe ntchito yake ndi kumvetsera basi, mahedifoni kukhutu usiku wonse. Pitani pamalopo usiku musanasankhe, mukamve agalu, mabawa oyandikira, tchalitchi cha mapemphero ochezera chokhala ndi zimasipika, chifukwa masana malo onse amaoneka abata. Jenereta ndi mdani wa mawu, ngati simungachitire mwina ikhale kutali ndi chingwe chachitali kuseri kwa khoma, koma bola magetsi a LED a mabatire. Chachiwiri chakudya ndi thiransipoti, anthu osalipidwa adye bwino, tiyi wotentha 2 koloko usiku, ndipo aliyense afike kwawo bwinobwino kukacha. Chachitatu, chomwe oyamba kumene pafupifupi onse amachisiya pa bajeti, ndi ntchito ya pambuyo pojambula: edita, wokonza mawu, wokonza mitundu ya zithunzi, nyimbo zomwe muli nazo chilolezo, mawu a Chingerezi olembedwa pansi, mahadi diraivi awiri osungira zomwe mwajambula, ndi ndalama zolembetsera ku mafesitivo zomwe zambiri zimalipidwa m'madola. Ine ndimati gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse lisungidwe kuti ndi la zimenezi, lisakhudzidwe ngakhale zitavuta bwanji pa malo ojambulira. Mafilimu ambiri omwe ndawaona akufa anafera mu laputopu, atajambulidwa kale bwinobwino. Muonjezerenso kena pamwamba ka zogwa mwadzidzidzi, mukukumbuka mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, bajeti yolembedwa lero siikhala yomweyo pakatha miyezi inayi, makamaka pa mafuta ndi zinthu zoitanitsa kunja. Magazi abodza okha musavutike nawo, golden syrup, kala yofiira ya makeke ndi kakoko pang'ono kuti adere, kungoti nyerere zimawakonda zedi ndiye wosewera wogona pansi musamuchedwetse.

Za azungu a pa Kickstarter, mnzanuyo andikhululukire koma akulakwitsa. Anthu osakudziwani sayendayenda pa intaneti kufunafuna atsikana a ku Zomba oti awapatse ndalama. Kusonkhetsa kotereku kumayenda ngati perekaniperekani wa paukwati, oponya ndalama ndi anthu omwe akudziwa mkwati kapena mkwatibwi, amadzuka chifukwa MC waitana gulu lawo ndi dzina, akuntchito, akumpingo, anzake a mayi a mkwati, ndipo amaponya kwambiri akaona anzawo akuponya. Mlendo wongodutsa pamsewu salowa muholo. Alendo amabwera ndithu pa kampeni, koma amabwera mochedwa, ataona kuti chinthu chayamba kale kuyenda. Ngakhale Jennifer Kent wa ku Australia, yemwe filimu yake yoopsa ya 2014 inatchuka dziko lonse, pa Kickstarter anapezapo madola pafupifupi 30,000 okha othandizira kumanga malo ojambulira, ndalama zikuluzikulu zinachokera kwina, ndipo iyeyo anali atapanga kale kafilimu kakafupi koonetsa anthu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. K6 miliyoni, aliyense akamapereka K10,000, mukufunika anthu 600. Muli nawo? Ma followers sindikuwawerengera, ndikunena anthu oti mutha kuwaimbira foni. Khalani pansi anayi nonse ndi kope, aliyense alembe mayina enieni, achibale, anzanu a kusukulu omwe ayamba ntchito, aphunzitsi anu akale, amalume a ku Joni, azakhali a ku Leeds kapena ku Dublin, ndipo pambali pa dzina lililonse mulembe ndalama yomwe mukuona kuti angapereke osati yomwe mukulakalaka. Mukaphatikiza, dulani pakati, chifukwa olonjeza ndi ambiri kuposa otumiza. Nambala yotsalayo ndiye bajeti yanu yeniyeni, filimu ilembedwe molingana ndi imeneyo. Mwachitsanzo K2.5 miliyoni itha kubwera chonchi: anthu 10 a K100,000, anthu 40 a K20,000, anthu 140 a K5,000. Ndi anthu 190, ntchito ilipo koma ndi yotheka kwa anthu anayi. Ndipo taonani kuti anthu 10 oyambawo abweretsa K1 miliyoni paokha, amenewo simuwapeza ndi positi, mumawapitira kapena kuwaimbira, mmodzimmodzi. Zinanso musapemphe ndalama, pemphani chinthucho. Mwini chigayo akupatseni malo, wa lesitilanti aphike mausiku awiri, wa minibasi akutengeni m'mawa, mayina awo alowa mufilimu.

Pa nkhani ya mawebusaiti pali chinthu chomwe mnzanuyo mwina sanachione. Kickstarter salola munthu wokhala ku Malawi kutsegula kampeni, pamafunika munthu wokhala m'maiko omwe ali pa mndandanda wawo monga UK, America, Ireland, Canada kapena Australia, wokhala ndi akaunti ya banki ya komweko. GoFundMe chimodzimodzi. Ndiye mudzafunika m'bale wakunja kuti atsegule m'dzina lake, zomwe zikutanthauza kuti ndalama zigwera mu akaunti yake, pamaso pa kampaniyo mwini kampeni ndi iyeyo, ndipo mafunso a msonkho kumeneko adzafunsidwa iyeyo. Asankhidwe munthu wokhulupirika ndipo ngakhale ali m'bale wanu wa bere limodzi mulemberane kuti atumiza liti, kudzera njira iti, ndipo zodulidwa potumiza zikhala za ndani. Kickstarter imayenda mwa zonse kapena palibe, mukaika cholinga cha mapaundi 2,000 nkupeza 1,900 simulandira kalikonse ndipo olonjeza sadulidwa ndalama. Mukakwanitsa amadula 5 peresenti yawo kuphatikizapo ina 3 mpaka 5 peresenti ya okonza malipiro. GoFundMe mumalandira zomwe zapezeka ndipo amadula pafupifupi 3 peresenti ndi kena kochepa pa chopereka chilichonse, koma kumeneko anthu anazolowera za matenda, maliro ndi fizi, filimu yoopsa imaoneka yachilendo pakati pa zimenezo. Amene ali ndi abale ku South Africa amayang'ananso webusaiti ya BackaBuddy. Malamulo a makampaniwa amasinthasintha ndiye werengani okha tsiku lomwe mukutsegula.

Vuto lina ndi loti onsewa amafuna khadi la banki lotha kulipira kunja, pomwe anthu anu ambiri ndalama zawo zili pa Airtel Money ndi Mpamba. Kunena zoona, kwa gulu ngati lanu ine ndingayambe ndi zapafupi: nambala ya Airtel Money, ya Mpamba, akaunti ya banki, ndipo akunja atumize pa Mukuru kapena WorldRemit monga amatumizira kale kwa makolo awo. Tsamba lakunja mulitsegule pokhapokha mndandanda wanu uja ukuonetsa kuti muli ndi anthu okwana kunjako, ndipo cholinga chake chikhale chaching'ono choti mukutsimikiza kuti chikwana. Koma njira yapafupiyi ilibe wokuyang'anirani, ndiye kudalirika muyenera kukumanga nokha. Nambala ikhale yatsopano ya filimu yokha, isakhale yomwe mumagulira bandulo ndi tomato. Akaunti ya banki ikhale yosayinira anthu awiri. Dziwani malire a ndalama zomwe nambala imodzi ingasunge komanso zomwe amadula potapa. Madzulo aliwonse lembani pagulu kuti lero zalowa zakuti, zonse pamodzi zafika pakuti, amene safuna dzina lake litchulidwe mulembe kuti wakufuna kwabwino. Malisiti onse ajambulidwe. Anthu kwathu kuno anapsapo kale ndi zosonkhetsa za pa intaneti zomwe mapeto ake sanamveke, ndiye amayamba ndi kukayika, musakhumudwe nazo. Ndalama zikayamba kukula kapena mukaganiza zolembetsa kampani, funsani akauntanti za MRA.

Zolonjeza opereka zikhale zosadya ndalama. Matisheti ndi makapu amaoneka bwino pa positi koma mukawerengera kusindikiza ndi kutumiza ku Manchester mupeza kuti K20,000 ya munthu yathera pa mphatso yake yomwe. Lonjezani dzina kumapeto a filimu, linki yoonera ena asanaone, tikiti ya tsiku loyamba kuonetsa, kubwera kudzaona mukujambula, wopereka zambiri alembedwe ngati mmodzi wa ma producer. Okonda zoopsa ndi anthu a nthabwala zawozawo, mupeza wina wolipira kuti chithunzi chake chipachikidwe pakhoma la chigayo ngati mlonda yemwe anasowa kale, kkkk. Chimodzi chokha musalonjeze: phindu. Filimu yaifupi kawirikawiri siibweza ndalama, Kickstarter yomwe imaletsa kulonjeza anthu gawo la phindu, ndipo mukauza amalume kuti akuika ndalama mubizinesi adzakufunsani chaka chilichonse pa Khirisimasi. Auzeni poyera kuti akuthandiza kuti chinthu chipangidwe. Tsiku lomwe mukulonjeza kuti filimu ituluka, liwerengereni bwino kenako muonjezere miyezi itatu.

K300,000 muli nayoyo ndi imene itsegule chitseko. Tengani gawo lake mujambule kachidutswa ka masekondi 40 kapena mphindi imodzi, pachigayo penipeni, usiku, mawu omveka bwino, koopsa ndithu. Kenako inuyo muonekere pa kamera mphindi imodzi, munene kuti ndinu ndani, wolemba wavomera (akaonekera yekha nkunena ndiye bwino kwambiri), mukufuna zingati ndipo zipita kuti. Kavidiyoko kakhale kopepuka kotumizika pa WhatsApp, chifukwa ndi komwe kadzayendere, ndipo kakhale ndi mawu olembedwa pansi poti ambiri amaonera foni ili pa silent. Kampeni isapitirire masiku 30, yaitali imatopetsa inu ndi omvera omwe. Masiku oyamba ndi omaliza ndi amene ndalama zimalowa, pakati pamakhala zii mpaka mumayamba kudzikayikira, musungire pamenepo zinthu zatsopano zoonetsa monga wosewera wamkulu kapena posita ya filimu. Musanalengeze, anthu 10 aja akhale atavomera kale kuti atumiza tsiku loyamba, kuti ena akamafika apeze magawo awiri mwa asanu akwana kale. Nthawi yake iganizireninso. January ndi February musayese, anthu ali pa fizi, feteleza ndi njala. Bola kuyambira May mpaka August anthu atakolola, ndipo masiku 30 anuwo adutse pa malipiro a kumapeto a mwezi, zikatheka kawiri, kuyamba pa 25 nkutseka pa 25 pena. Akunja October amakhala ndi mtima wa zoopsa chifukwa cha chikondwerero chawo cha zoopsa cha Halloween. Kujambula kukhale nyengo yopanda mvula, ndipo inu a ku Zomba muli ndi mwayi wa nkhungu ya June ndi July yomwe ena amachita kugula makina kuti aipange.

Pali mbali ina yomwe mabuku a mafilimu a kunja sangakuuzeni. Kwathu kuno zoopsa si nthabwala kwa aliyense. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikira zinaphetsa anthu osalakwa, ena chifukwa chongokhala alendo onyamula zikwama ndi zipangizo zosadziwika. Tsono inu mukufika pamudzi usiku ndi galimoto, matochi, zingwe, botolo la magazi abodza, pachigayo pomwe anthu ena amakhulupirira kale kuti eni zigayo amakhwimira. Musayerekeze kupita mwakachetechete. Kaonaneni ndi amfumu masana masiku angapo zisanachitike, mufotokoze nkhani yonse, kadziwitseni apolisi apafupi ndi kalata, a chitetezo cha m'mudzi akhale nanu usiku wonse ndipo muwapatse kangachepe, anthu oyandikira aone zipangizo dzuwa lisanalowe. Mwini chigayo naye amvetse bwino zomwe akuvomera, chifukwa filimu ikatuluka anthu atha kuyamba kunena kuti chigayo chake ndi chomwe chija, makasitomala nkuthawa. Bisani dzina la chigayo ndi zizindikiro za malo, ndipo alembe kuti walola. Makinawo azimitsidwe ku main switch pojambula pafupi ndi lamba, poyatsa pakhale mwini wake wodziwa, chigayo chimadula dzanja. Kumanda musapiteko popanda amfumu, ndipo zigoba za Gule Wamkulu musazisandutse zilombo za mufilimu mwachisawawa, eni ake alipo ndipo ali ndi malamulo awo. Musatchule mudzi weniweni kapena munthu weniweni kuti ndi mfiti, lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo agogo ambiri avulazidwa chifukwa cha mawu otere. Chimodzimodzi chilichonse chokhudza anthu achialubino ndi zizimba, ine ndingakuuzeni kuti chitalikireni. Mukakhala ndi mwana wosewera, makolo asayine ndipo mmodzi akhalepo.

Funso lanu lomaliza, ndalama zikapanda kukwana. Yankho lake liyenera kulembedwa musanalandire tambala yoyamba, pa positi yoyamba yomwe. Nenani kuti tikapeza K2.5 miliyoni tipanga filimu yonse ya mphindi 10, tikapeza K1.5 miliyoni tipanga ya mphindi 6 ya wosewera mmodzi, zikachepera K1 miliyoni pofika tsiku lakuti tibweza kwa aliyense kuchotsapo zodulidwa potumiza. Kuti zimenezi zitheke musayambe kudya ndalama kampeni isanatseke, ndipo sikiriputi yaifupiyo ikhale yolembedwa kale mudirowa. Kubweza kumawawa koma amene wabwezeredwa adzaperekanso ulendo wina. Zikachedwa, zomwe zimachitika pafupifupi nthawi zonse, lembani mwezi uliwonse ngakhale nkhani ili yoti edita wadwala palibe chomwe chayenda. Opereka amapirira kuchedwa, chimene chimawakwiyitsa ndi foni yosayankhidwa. Muyang'anenso thandizo lina pambali, COSOMA ili ndi thumba la Copyright Fund lomwe limaitanitsa aluso kuti apemphe ndalama, ndipo a Film Association of Malawi atha kukulozerani anthu a zipangizo ndi maphunziro. Pepala la chilolezo cha wolemba lija lidzakuthandizaninso kumeneko.

Filimu ikatha musathamangire kuiponya pa YouTube tsiku lomwelo. Mafesitivo ena safuna filimu yomwe ili kale poyera, ndiye opereka apatseni linki yobisika, muyese kaye kutumiza ku Zanzibar International Film Festival, ku Durban, kapena ku South African Horrorfest ya ku Cape Town yomwe ndi ya zoopsa zokhazokha, ambiri amalandira kudzera pa webusaiti ya FilmFreeway ndipo mukawalembera mwaulemu kuti ndinu ochokera ku Malawi ena amachotsa kapena kuchepetsa ndalama yolembetsera. Poonetsa pagulu kuno kwathu, muholo kapena pa wailesi ya kanema, idutse kaye ku Censorship Board aipatse msinkhu wa oonera, ndipo ndalama yake ilowe mu bajeti pano. Koma zonsezi ndi za chaka chamawa. Sabata ino pezani bukulo, muone amene analisindikiza, mulembe kalata yopita kwa wolemba. Akakana, musangosintha mayina nkumati nkhani ndi yanu. Ganizo la mlonda womva zachilendo usiku aliyense atha kulilemba, koma anthu ake, zochitika zake ndi mathero ake zikhale zanuzanu kuyambira tsamba loyamba, ndipo mukamaliza mupatse munthu yemwe anawerenga buku lija awerenge, akuuzeni moona ngati akuizindikira.